Kamtema wa Mzere Pakhosi

"Mbalame iliyonse ya mlomo wokhota ndi mbala. Ukaiona usaifunse dzina, tola mwala."

Anandiuza choncho apongozi anga, mayi awo a malemu amuna anga, sabata yoyamba nditangotsika sitima kuno ku Mbamba Bay kuchokera kwathu ku Nkhotakota. Ankaloza kumwamba ndi chibwano, manja ali m'chiuno, ngati akundipatsa nzeru yoti ndidzadyere moyo wanga wonse. Ine ndinagwada, n'kuwomba m'manja, n'kunena kuti ndamva. Mtengwa wa sabata imodzi m'dziko la eni satsutsa. Koma mumtima ndinati, mayi awa akalamba pansi pa thambo lomweli osakweza maso n'kamodzi komwe. Mwala sindinatole tsiku limenelo, ndipo sindinatolepo mpaka lero.

Ndikulemba za imodzi mwa mbalame zimenezo chifukwa mwezi wathawu inatsala pang'ono kundichotsetsa m'nyumba muno. Mwana wanga wamwamuna, amene amagwira ntchito ku Mbinga kumapiri uko, anabwera ndi matumba opanda kanthu kuti alongedze katundu wanga, akhome chitseko, andikweze basi ndizikakhala kwake. Ndifika kumeneko. Muyambe mwaidziwa mbalameyo, poti ine sindikamba nkhani ndi anthu osadziwa chimene chikukambidwa.

Anthu a kuno amangoti mwewe. Chilichonse chouluka chokhala ndi zikhadabo, chachikulu kaya chaching'ono, chakuda kaya chotuwa, kwa iwo ndi mwewe basi. Munthu woti amasiyanitsa usipa wa lero ndi wa dzulo ataima kutsidya kwa msewu, woti amadziwa injini ya boti la mnzake pongoimva kulira, ukamufunsa mbalame imene yakhala pamwamba pa nyumba yake chibadwire chake amakuyankha kuti mwewe, n'kukuyang'ana ngati wopusayo ndiwe. Kwathu tinkayesako. Tinali ndi nkhwazi, tinali ndi mphamba, tinali ndi kamtema. Koma nafenso tisadzitame, dzina la kamtema tinkangolimwaza pa timbalame tingapo tosafanana n'komwe. Amene ndinatisiyanitsa ndine, ndekha, nditakhala pamkeka kulondera chinangwa choyanika kuti mbuzi zisadye. Ntchito imeneyo ndi ya tsiku lonse, ndipo akazi anzanga ankaithera pa miseche. Ine miseche ndinkaimva ndi makutu, maso ali mumtengo.

Kamtema amene ndikunena ine amaposa nkhunda pang'ono, koma ndi wojintcha, wa mutu waukulu, ngati munthu wamfupi wobwereka jekete la mkulu wake. Mutu, msana ndi chifuwa n'zotuwa ngati phulusa la dzulo. Pamimba pali timizere topingasa, toyera ndi totuwa, tothinana kwambiri moti ukakhala patali umangoti n'kutuwa komweko. Miyendo ndi yofiira, mumve bwino, yofiira osati yachikasu, ndipo pamwamba pa mlomo pamene pali mphuno ndi pofiiranso ngati phwetekere wongoyamba kupsa. Mchira ndi wakuda, wodutsidwa lamba woyera. Akauluka kukufulatira umaona chigamba choyera pamene mchira wayambira. Koma chizindikiro chosanama chili pakhosi. Mpoyera mbee, ndipo pakati penipeni pamatsika mzere umodzi wakuda kuchokera kuchibwano, ngati wina anamugwira n'kumulemba ndi khala.

Sazungulira mumlengalenga ngati mphamba. Ntchito yake ndi kukhala. Kale ankakhala pa nthambi youma, magetsi atafika anasamukira pa mapholo, ndipo ndi yekhayo kuno amene magetsiwo amam'thandiza tsiku lililonse. Amatha kukhala tsonga pamalo amodzi kuyambira pamene ndayanika chinangwa mpaka pamene ndikuchitembenuza, mutu wokha ukuyenda. Kenako amangodzigwetsa mu udzu, miyendo patsogolo, n'kudzuka ndi buluzi. Abuluzi ndiye ndiwo zake za masiku onse. Amadyanso agulo, ziwala zikuluzikulu, achule, tinjoka, nthawi zina mbewa. Akamachoka pa pholo kupita pa lina amauluka chapansipansi, molunjika, n'kukwera mwadzidzidzi akafika. Kulira kwake ndi mluzu, wokoma kuposa wa amuna ambiri amene ndinawamva: woyamba wautali wotsika, otsatira afupiafupi, kliyoo, klu klu klu klu.

M'zaka zonse zimene ndakhala pano sindinamuonepo atanyamula mwanapiye. Sindikunena kuti sangatero. Ine sindilumbirira cholengedwa chilichonse, ngakhale chimene ndinabereka ndekha. Ndikunena zimene ndaona.

Akuba anapiye enieni ndimawadziwa, alipo atatu. Woyamba ndi mphamba, wa mchira wa mphanda ngati wa nsomba, amene amabwera nyengo yotentha n'kumalanda usipa pa thandala eni ake akuona. Wachiwiri ndi kamtema mnzake, wa miyendo yachikasu ndi maso achikasu, wowonda, wa mchira wautali. Ameneyo sakhala poyera. Amabisala m'masamba a mango n'kutulukira kuseri kwa nyumba chapansipansi, ngati mwamuna wopita kwa mkazi wa mwini, ndipo ukamamva nkhuku ikukuwa iye wapita kale. Wachitatu alibe n'mapiko omwe: ng'azi wa m'miyala ya kunyanja. Koma poti atatuwa amaba n'kuthawa, mlandu umagwera amene wakhala poonekera, pa pholo, osabisala. Kwa anthu n'chimodzimodzi.

Kuseri kwa nyumba yanga, pamene phiri layambira, pali miyala ikuluikulu ndi mtengo wa muwanga umene amuna anga anausiya chifukwa unawagomola nkhwangwa. M'menemo ndi mmene akamtema anga amamanga. Chisa chake n'chaching'ono, cha timitengo, pa mphanda ya nthambi, m'kati amayalamo ndere. Amayamba dzuwa likamaswa mtengo, mvula isanagwe. Mazira sindinakwerepo kukawawerenga, koma zikamba zake zimagwa pansi, n'zoyera, ndipo ana amene ndawaona akutuluka amakhala mmodzi kapena awiri. Wamkazi amafungatira mwezi wathunthu n'kupitirirako. Masiku onsewo wamwamuna amabwera ndi buluzi, kutera pa nthambi ina, kuimba mluzu, wamkazi n'kutsika kudzalandira. Mwamuna wobweretsa ndiwo tsiku ndi tsiku asanatukwanidwe, ine ndinamuona mumtengo mokha.

Tsopano anthu. Nyumba ya kumunsi kwanga inagulidwa ndi banja lina lochokera ku Chiwanda. Mwamuna amakonza maukonde, mkazi amakazinga mandasi n'kuweta nkhuku, ngati kumwaza nkhuku pabwalo n'kupita kumsika ndi kuweta. Mayi ameneyu anamva kwa mlamu wake kuti anapiye ukawapaka mankhwala a jivi, aja opaka pabala, mwewe sawazindikira. Ndiye anagula botolo, n'kuviika ana a nkhuku onse mmodzimmodzi. M'mawa mwake pabwalo pake pankayenda tinthu tapepo ngati nsalu ya paguwa nyengo ya Lenti, ndipo make weniweni ankatithawa. Akazi a m'mudzi anabwera kudzaona, kuyamikira, kukagula mabotolo awo. Dengu lovundikira anapiye, limene ine ndimagwiritsa ntchito chikhalire ndipo sindinatayepo mwanapiye ndi mbalame, palibe anafunsa. Dengu silichititsa chidwi. Limafunanso munthu wokhala pakhomo kuti azilisuntha dzuwa likasuntha.

Anapiye apepo aja anayamba kutha chimodzimodzi ngati oyera.

Tsiku lina m'mawa mwamuna wake anafika pakhomo panga atanyamula makwerero ndi nsungwi yaitali. Anayamba ndi shikamoo, moni wa kuno wopatsa akulu, n'kufunsa za thupi, za miyendo, za ana ku Mbinga. Munthu akakupatsa moni wautali atanyamula makwerero, dziwa kuti moniwo si wako.

"Bibi, tabwera kudzakuthandizani," anatero. Kuno nkhalamba yaikazi amati bibi. "Mwewe wanu uja watimaliza."

"Wanga? Ndinamugula kumsika uti?"

"Amagona mumtengo mwanu."

"Mbuzi zanu zimagona pakhonde panga, bambo, koma sindinamvepo mukuti n'zanga."

Mkazi wake anali atatsamira mpanda, mafuta a mandasi ali m'manja. "Anapiye anayi sabata imodzi, Bibi! Opakapaka bwinobwino!"

"Munawapaka kuti wakuba asawaone, kapena kuti aziwaonera ku Likoma?"

"Musaseke, Bibi, n'zopweteka."

"Munamuona atanyamula?"

"Ndimamuona tsiku lililonse pa pholo."

"Inenso ndimakuonani Lamulungu lililonse pakhomo la tchalitchi, mayi, koma sindinanenepo kuti ndinu oyera mtima. Chabwino, poti mumamuona tsiku lililonse, miyendo yake ndi yotani?"

"Miyendo? Ya mbalame."

"Mtundu wake."

Anayang'ana mwamuna wake. Mwamuna anayang'ana makwerero. Anthu a maso awiriawiri abwinobwino, ofuna kugwetsa chisa chokhala ndi mazira, osadziwa n'mtundu womwe wa miyendo ya amene akumuzenga mlandu. Ndinalowa m'nyumba, kutenga munsi, kupita kuseri, kukhala pansi pa muwanga msana uli pa thunthu. Ndinati amene akufuna kukwera ayambire pa ine. Bamboyo anaima pang'ono, kukanda m'mutu, n'kunyamula makwerero ake. Pochoka ndinamva mkazi akunena mokweza, mofuna kuti ndimve: "Asiyeni, maso anatha awa. Akuona ngati ndi njiwa."

Madzulo ake mayi uja anaimbira foni mwana wanga. Nambala anaitenga kuti? Anam'patsa ndi mwana wangayo, pa Khirisimasi, kuseri kwanga, kuti azimuuza mmene ndikukhalira. Mwana woyamwa bere langa, kundiikira mlonda, mlonda wake wopaka nkhuku mankhwala a zilonda. Anamuuza kuti Bibi saona. Anati ndinadutsa abusa pamsewu osawapatsa moni, ndinathira madzi pambali pa ndowa, ndipo tsopano ndikulondera mwewe ndi munsi ndikumuyesa njiwa.

Pano ndinene chinthu chimene sindinauzepo munthu. Mayi uja ananena mwa njiru, koma anagenda mumdima n'kulasa nkhanga. Maso anga akutha. Ndi ng'ala, inayamba kumanzere, tsopano yalowa konse. Chapafupi ndimaona, mwinanso kuposa kale, ulusi ndimalowetsa pa singano popanda magalasi, n'chifukwa chake ndikutha kulemba izi. Koma chilichonse chopitirira mpanda wanga chili mu utsi. Anthu ndimawadziwa ndi kayendedwe, chifuwa, ndi kulira kwa patapata. Abusa aja anali atavala nsapato zatsopano. Mzere wa pakhosi pa kamtema, umene ndakufotokozerani bwino lomwe uja, ndinauona komaliza dzinja la dzana. Chiyambire pamenepo pa pholo ndimangoona kachibuluma kotuwa.

Musandiuze zoti ng'ala amapala kuchipatala, ndikudziwa. Ndikudziwanso mayi wina wa ku Liparamba amene ana ake anamutenga kukapalitsa maso, n'kumusunga kutauni kuti achire, ndipo pobwerera ndi maso ake atsopanowo chimene anaona choyamba ndi anthu a lendi ali m'nyumba mwake. Ku Mbinga ndinakhalako milungu iwiri mdzukulu wanga atabadwa. Kumazizira ngati m'chitsime. Chipinda chimene amati n'changa chayandikana ndi mosungira makala, ndipo mpongozi wanga amandilankhula mokweza ndi pang'onopang'ono ngati ndine mlendo wogontha. Amuna anga agona kuno. Nkhuku zanga zili kuno. Muno ndimadziwa pamene pali chilichonse ngakhale nditatsinzina. Kumeneko ndikanakhala katundu woikidwa pakona, woti azisuntha akamakolopa.

Mwana wanga anafika Loweruka m'mawa ndi basi yoyamba. Ndinamudziwa ali kutali ndi kukhosomola kwake kwa atate ake. Anagwada, kundipatsa moni, kuika pansi shuga ndi sopo, ndipo pambali pake anaika matumba atatu opindapinda amene ankaganiza kuti sindiwaona. Ndinawamva kulira kwake.

"Matumbawo ndi a chiyani?"

"Basi, Amayi, mwina tingapeze usipa."

"Usipa wa matumba atatu? Watsegula sitolo?"

Anaseka kuseka kwa munthu wogwidwa. Tinakhala pakhonde. Mayi wa mandasi anayamba kusesa m'mbali mwa mpanda, malo amene sanasesepo chibwerere. Mwana wanga anazungulirazungulira, za kuzizira kuti chaka chino kwachepa, za adzukulu kuti amandifunsa, za chipinda kuti anapakamo laimu. Kenako anadzuka, kubwerera m'mbuyo mpaka pakati pa bwalo, n'kukweza dzanja.

"Amayi, zala zingati izi?"

Ndinkaona mkono. Zala sindinkaziona.

"Iwe," ndinatero, "amene anakuphunzitsa kuwerenga zala zimenezo ndine, ukudontha mamina. Lero undiyese mayeso pabwalo panga, anthu osesa mipanda akuonerera? Tsitsa dzanjalo."

Analitsitsa, koma sanakhale pansi. "Amayi, sindikufuna kukunyozani. Koma mukandiyankha ndibwerera ndekha mawa. Mukakana kuyankha, ndiye kuti ndayankhidwa."

Anaphunzira sukulu mwana uyu. Ndinaganiza zongotchula nambala iliyonse. Ndinaganiza zolira. Nthawi yomweyo, kutsidya kwa msewu, kunamveka kliyoo, klu klu klu klu.

Pholo limenelo ndimalidziwa. Ndi lachiwiri kuchokera pa mlatho waung'ono, pansi pake pali udzu umene anatentha, ndipo m'mawa wamwamuna amakonda kukhala pamenepo atafulatira dzuwa, nkhope kuloza kwathu kuno. Amakonda, sindikuti nthawi zonse. Akanakhala atatembenuka, pakhosi pakanabisika, ndipo ine ndikanakwera basi. Koma mluzu unamveka wolunjika, osati wopita kunyanja.

"Ukufuna kuyesa maso anga?" ndinatero. "Zala n'zoyesera ana. Tayang'ana pa pholo ilo. Ukuona chiyani?"

Anatembenuka. "Kambalame."

"Kambalame. Maso a mnyamata, magalasi okwera mtengo pamphuno, kambalame. Pakhosi pake pali chiyani?"

"Ndi patali, Amayi."

"Kwa iwe. Pakhosi mpoyera, pakati pali mzere wakuda wotsika. Miyendo ndi yofiira. Pamwamba pa mlomo mpofiira. Pamimba pali timizere topingasa. Akatembenuka uona lamba woyera pamchira, mmodzi. Tulutsa chifoni chakocho, chimene umalankhulira ndi alonda ako, ukokere pafupi uone ngati ndikunama."

Anatulutsa. Anayenda mpaka pa mpanda, kukweza foni, kutambasula ndi zala ziwiri. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali moti ndinayamba kuganiza kuti mbalame yatembenuka. Kenako ndinamva akupuma mokoka.

"Mzere ulipo," anatero chapansipansi. "Ee. Miyendo yofiiradi." Anatembenukira kwa mayi wosesa uja. "Mama, tabwerani muone. Mwewe wanu ndi ameneyu?"

Anabwera ndi tsache lake, kusuzumira pa foni. "Ndi yemweyo."

"Mzerewu munali mutauona?"

"Ine ndimakhala ndi ntchito, sindikhalira kuyang'ana makosi a mbalame."

"Koma maso a anthu mumakhalira kuyang'ana," ndinatero ine.

Zikanathera pomwepo zikanakhala bwino. Koma kachibuluma kotuwa kaja kanachoka pa pholo, kugwera mu udzu, n'kukweranso. Kukoma kwa kupambana kunandilowa m'mutu, pakamwa n'kutsogola.

"Waona? Wagwira buluzi. Anapiye apepo ali mbwee pabwalo apo, iye wasankha buluzi."

Mwana wanga anakwezanso foni. "Si buluzi, Amayi. Ndi kanjoka. Kakulendewera."

Kanjoka kolendewera, munthu woona mzere wa pakhosi sangakaphonye.

"Nanga njoka n'chiyani," ndinatero, "si buluzi wosauka, wosowa miyendo? Ukufuna ndizitchula chilichonse ndi dzina la ubatizo?"

Anaseka mpaka kugwira mpanda. Anaseka ngati mmene ankasekera ali mwana, ndipo ndinadziwa kuti nkhani yatha. Munthu akafuna kukhulupirira kuti mayi ake ali bwino, safuna umboni wambiri. Naye chipinda cha makala chija sindikhulupirira kuti ankafunitsitsa kuti mulowe munthu. Anauza mayi wa mandasi, mwaulemu wake wa kuofesi, kuti kanjoka kameneko kakanalowa m'khola mwawo, kuti chisa chisakhudzidwe, ndiponso kuti asamamuimbire foni pa nkhani zopanda mutu zomudulitsa ulendo. Mayiyo anakoka tsache lake osatsanzika.

Mwana wanga anagona masiku awiri. Anakonza chitseko cha kukhitchini, kudula nthambi ya mango imene wa miyendo yachikasu amabisalamo, poti ndinamuuza kuti wakuba weniweni ndi ameneyo. Masiku awiriwo ndinayenda ngati mtsikana, osagwira khoma, osafufuza ndi phazi, ndipo madzi ndinkathira iye akayang'ana kumbali. Lolemba anakwera basi ndi thumba limodzi la usipa ndi lina la ufa wa kondowole. Thumba lachitatu analisiya, lili pansi pa bedi, ndipo ndikudziwa chifukwa chake analisiya.

Ndiye ndinapambana. Ndili m'nyumba mwanga. Ana a kamtema anaswa, ndimamva kulira kwawo wamwamuna akabwera ndi chakudya, ndipo ndikuganiza kuti ndi awiri. Anapiye a kumunsi akutha ndithu, ndipo tsopano akuti aziwapaka obiriwira.

Koma mayi uja sandipatsanso moni, sasuzumiranso pa mpanda. Ndi wopusa, ndi kazitape, koma anali munthu yekhayo amene ankadziwa m'mawa uliwonse ngati chitseko changa chatseguka. Ndinamuchotsa ndekha, ndi pakamwa panga.

Sabata yatha ndinapita kuseri kukatola nkhuni pansi pa muwanga. Pakati pa miyala iwiri pali mpata, ndipo mthunzi wake ndinauyesa mwala. Ndinagwera m'menemo chammbali, mwendo umodzi utapindikira pansi. Kunali m'mawa, ndisanamwe tiyi. Ndinkamva mayi wa mandasi akutsuka mapoto, pafupi moti ndikanangoti "mayi" akanamva. Sindinaitane. Kuitana kamodzi kokha kukanakhala foni ya ku Mbinga, ndipo ulendo uno mwana wanga sakanabwera ndi mafunso. Ndinagona pamenepo nyerere zikundiyenda m'khosi mpaka dzuwa linapendeka, kenako ndinadzikoka ndi zigongono, pang'onopang'ono, mpaka pakhonde. Bondo lidakali lotupa. Amayi a kutchalitchi ndinawauza kuti ndi nyamakazi, ndipo anandipempherera nyamakaziyo.

N'chifukwa chake ndalemba m'Chichewa. Mwana wanga amachimva ndi kuchilankhula, koma sukulu anaphunzira m'Chiswahili, ndipo akachiona papepala amatopa pa mzere wachiwiri. A kumunsi sachiwerenga n'komwe. Kope ili ndipatsa mayi wina wa geni amene amawoloka nyanja kupita ku Nkhata Bay. Sindimukhulupirira, koma sadziwa kuwerenga, ndiye zatikomera tonse.

Inu amene mwawerenga, ndikudziwa kuti ena mwa inu mumawoloka kudzagula zitenje ndi mapoto kuno, ena muli ndi abale m'midzi ya m'mbali mwa nyanjayi. Sindikukudziwani ndipo sindikuyembekeza zambiri kwa inu. Koma mukafika ku Mbamba Bay, patukani mudzandione. Dzina sindikupatsani. Funsani kumsika za nkhalamba ya ku Malawi imene inakangana ndi anthu chifukwa cha mwewe, akulozerani akuseka. Musafunse nyumba ya kumunsi, ndipo musawauze chimene mwadzera. Bwerani m'mawa. Muime pa mpanda, muyambe ndinu kulankhula, munene kwanu ndi kumene mwachokera, chifukwa nkhope yanu sindiiona ndipo munthu wolowa mwakachetechete ndimamulandira ndi munsi. Musabweretse kanthu, ndilibe njala. Musandisesere, musasunthe mpando, ndowa kapena mtondo, chilichonse chili pamene ndinachiika dala. Mukandipeza pakhonde, moni wokha wakwana, mupitirize ulendo wanu.

Mukaitana kawiri osayankhidwa, musabwerere. Zungulirani kuseri, mukayang'ane pakati pa miyala.